Labu ya makompyuta ya Fomu 3 ndi Fomu 4 ku Mangochi: mmene ntchito yayendera

Zolemba izi n'za aphunzitsi anzathu a Computer Studies, makamaka a m'masekondale oyendera a m'mbali mwa nyanja, amene alandira makompyuta akale koma akusowa poyambira. Sukulu yathu ili chakumsewu wa ku Monkey Bay, pafupi ndi boma la Mangochi. Otenga phunziroli alipo 58 mu Fomu 3 ndi 40 mu Fomu 4. Cholinga chinali chimodzi: pofika mayeso a MSCE, wophunzira aliyense wa Fomu 4 akhale atagwira kompyuta ndi manja ake, osati kumangosuzumira paphewa la mnzake. Mitengo ndi ya tsiku limene tinagula. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhalitsa, ndiye mufunsenso musanapange bajeti. Ntchito yambiri tinaigwira ndi ophunzira eni ake, chifukwa kumasula kompyuta, kulumikiza netiweki ndi kufufuza vuto ndiwo maphunzirowo.

23 Seputembala 2024: kuona zimene tili nazo

Makompyuta 22 a patebulo, ochokera m'maofesi, a RAM ya 4GB ya mtundu wa DDR3, ena a hadi disiki ya 250GB, ena ya 500GB. Anakhala m'sitolo ya sukulu pafupifupi chaka. Tisanayatse iliyonse tinamata nambala pa bokosi, sikirini, kiyibodi ndi mausi, kuyambira PC01 mpaka PC22, n'kutsegula kope lolembamo matenda a iliyonse.

Cholakwa choyamba chinali chathu. Kuseri kwa mabokosi ena akale, pa power supply, pamakhala kaswichi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali inayo. Magetsi a kuno ndi 230V. PC09 inali pa 115 ndipo sitinayang'ane. Itangolumikizidwa kunamveka kuti phu, utsi n'kutuluka. Yang'anani kaswichi kameneka pa bokosi lililonse, ndipo mukakaika pa 230 mukamate ndi selotepi kuti zala zisakafikenso.

Amene anayaka tsiku limenelo ndi 14. Mwa asanu ndi atatu otsalawo, atatu ankangolira pii pii pii sikirini ili bii. Inali RAM yosakhazikika bwino. Tinaizula, n'kupukuta timano take tagolide ndi labala wa pensulo, n'kuibwezera mpaka timapini ta m'mbali titagwira. Onse atatu anadzuka. PC15 inali ndi buluzi wouma m'kati mwa power supply. Iyo ndi PC09 tinazigulira ma power supply a kaunjika, K35,000 iliyonse. PC04 hadi disiki yake inkangolira tchi tchi osawerenga kanthu, ndipo tinaikamo ya kompyuta ina yakufa. PC21 ndi PC22 zinali ndi makapasita otupa pa mamabodi, ena akutuluka zofiirira ngati dzimbiri. Tinaziika pambali kuti tizichotsako zipangizo. Amoyo akhala 20: imodzi ya mphunzitsi, 19 za ophunzira. Kuti Fomu 4 izilowa magulu awiri okha a anthu 20, ikufunika imodzi yowonjezera.

Onse amene anayaka ankaonetsa deti la zaka zambiri zapitazo, ena n'kumaima kupempha kuti tidine F1. Chimene chatha pamenepo ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka 3V, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Tinagula 20 pa K2,000 kamodzi, K40,000 yonse, ndipo wophunzira aliyense wa Fomu 3 amene anasintha kabatireka analowanso mu BIOS, malo osinthira dongosolo la kompyuta Windows isanayambe, kukonza deti.

8 Okutobala 2024: magetsi

Chipindacho chinali ndi masoketi awiri okha, ndiye tinalumikiza ma extension motsatizana, iyi kulowa mwa iyo. Patatha mphindi 40 munayamba kununkha pulasitiki wopsa. Extension yoyamba, imene inkanyamula katundu wa zinzake zonse, inali itafewa moti chala chinkalowa.

Masamu ake ndi awa, ndipo ophunzira anawerengera okha pa bolodi. Kompyuta imodzi ndi sikirini yake tinaiyesa pa 120W. Makompyuta 20 ndi 2,400W, ndipo mukagawa ndi 230V mupeza ma amp opitirira 10. Pulagi yabwino ya mano atatu imakhala ndi fyuzi ya 13A, koma ma extension otchipa amakhala ndi waya woonda ngati ulusi, sangapirire ngakhale theka la zimenezo kwa ola lathunthu.

Tinaitana wamagetsi wa chilolezo cha MERA. Anakoka mizere iwiri kuchokera pa bokosi la mabuleka, uliwonse ndi buleka yake ya 20A, pogwiritsa ntchito waya wa 2.5mm. Mpukutu wa mamita 100 unali K145,000, masoketi apawiri 10 pa K9,500 iliyonse, mabuleka awiri K24,000, ntchito K120,000. Ndalamazi zinachokera ku komiti ya makolo.

Vuto lachiwiri linadziwika chifukwa cha ana amene anavula nsapato: akakhudza bokosi la kompyuta ali pa simenti ankamva kushoka pang'ono. Chitsulo cha earth, chotayira pansi magetsi osochera, chinalipo, koma chinazikidwa mumchenga wouma, ndipo mchenga wouma sutenga magetsi. Kuno dothi lambiri ndi lotero. Wamagetsiyo anazika zitsulo ziwiri zatsopano, K28,000 chimodzi, chakumpopi kumene pansi pamakhala ponyowa, n'kuzilumikiza ndi waya wobiriwira wa mizere yachikasu. Kushoka kunatha. Ichi musachizengereze, chifukwa earth yoipa ndi ngozi kwa mwana isanakhale ngozi kwa kompyuta.

Tinali ndi ma UPS, zida za batire zoteteza kompyuta kuti isazime magetsi akathima, atatu a 650VA, onse mabatire atafa. Batire yake ndi ya 12V 7Ah, K48,000 imodzi. UPS yotere imanyamula pafupifupi 360W, ndiye makompyuta awiri ndi abwino, atatu ndi malire. Imodzi tinaipatsa kompyuta ya mphunzitsi ndi swichi ya netiweki. Pulinta ya leza musailumikize ku UPS: ikamatenthetsa chitsulo chake chomatira tona imakoka mphamvu zambiri nthawi imodzi, UPS n'kuzima pamodzi ndi zonse zimene yanyamula.

22 Okutobala 2024: kutentha ndi fumbi

Okutobala wa ku Mangochi mukumudziwa. Ikamakwana 1 koloko masana makompyuta asanu ankangozima okha. Mu BIOS purosesa inkaonetsa madigiri opitirira 90. Titachotsa mafani tinapeza fumbi litaumbana ngati thonje pakati pa timapeyala ta chitsulo choziziritsa, ndipo phala la pakati pa purosesa ndi chitsulocho linali litauma ngati dothi.

Tinagula chouzira mphepo cha magetsi, K55,000, ndi timachubu tiwiri ta phala lija, thermal paste, K9,000 kamodzi. Uzirani panja, osati m'labu, ndipo gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, chifukwa ikathamanga mopitirira imawonongeka. Phala lakale pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Latsopano ikani kadontho kofanana ndi njere ya mpunga pakati penipeni. Ophunzira ambiri ankafuna kupaka ngati majarini pa buledi, ndipo lochuluka limangosefukira m'mbali. Kutentha kunatsika kufika m'ma 50 ndi 60.

Mabokosi onse tinawachotsa pansi n'kuwakweza patebulo, motalikirana ndi khoma pafupifupi masentimita 15. Amayi a komiti anasoka zophimba za chitenje, ndipo timaphimba kompyuta ikazizira. Mapulakitiko onse tinawasamutsira m'mawa. Lachisanu masana tinalichotseratu pa ndandanda, popeza ophunzira ambiri amapita ku mzikiti.

12 Novembala 2024: kuika mapulogalamu

Kuika Windows 10 ndi Office pa kompyuta imodziimodzi kukanatidyera sabata. Tinakonza imodzi bwinobwino, n'kuijambula yonse ndi Clonezilla, pulogalamu yokopera disiki yathunthu, yoyambira pa fulashi, n'kumakopera kwa zinzake. Iliyonse inkatenga mphindi ngati 20.

Tinapunthwa pawiri. Choyamba, tinajambula kompyuta ya disiki ya 500GB, ndipo Clonezilla inakana kuika chithunzicho pa madisiki a 250GB ngakhale kuti zinthu zinali zochepa. Tinayambiranso pa kompyuta ya disiki yaing'ono. Yambirani pa yaing'ono nthawi zonse: chithunzi chake chimalowa pa yaikulu popanda vuto. Chachiwiri, makompyuta onse anatuluka ndi dzina limodzi, ndiye tinayenera kuwapatsa maina atsopano, PC01, PC02, mpaka kumapeto.

Pa kompyuta iliyonse pali maakaunti awiri, ya mphunzitsi yokhala ndi pasiwedi, ndi ya wophunzira yosaloledwa kuika kapena kuchotsa pulogalamu. Dziwaninso kuti tsiku limene Microsoft inalengeza losiyira kutumiza zokonza Windows 10 ndi 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta a msinkhu uwu sakwanitsa zofunika za Windows 11. Labu yathu siili pa intaneti, choncho tipitiriza nayo, koma pa PC19 taikanso Linux Mint ndi LibreOffice kuti ana aone kuti operating system si imodzi yokha.

26 Novembala 2024: netiweki

Zogula: bokosi la waya wa Cat6 la mamita 305, K210,000, timitu ta RJ45 100, K22,000, chopanira timitu, K30,000, chida choyezera waya, K18,000, swichi ya kaunjika ya mabowo 24, K160,000. Musanalipire bokosi la waya, sendani kachidutswa n'kukanda ndi mpeni. Mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka m'kati. Ukaoneka woyera m'kati, ndi aluminiyamu wokutidwa mkuwa, ndipo amathyoka msanga pa mutu. Bokosi loyamba limene anatitulutsira linali lotero, tinalibweza.

Wophunzira aliyense wa Fomu 4 anapanga mutu umodzi. Dongosolo la T568B, mutagwira mutuwo kachala kake kakuloza pansi, kuchokera kumanzere ndi ili: woyera wa mizere ya olenji, wa olenji, woyera wa mizere yobiriwira, wabuluu, woyera wa mizere yabuluu, wobiriwira, woyera wa mizere yabulawuni, wabulawuni. Mbali zonse ziwiri zifanane. Sendani khungu masentimita atatu, wongolani timawaya, tisanjeni, kenako dulani molingana kuti patsale pafupifupi mamilimita 13. Khungu la waya liyenera kulowa m'mutumo kuti chopanira chiligwire.

Pa timitu 40 toyamba, 17 tinalephera. Tambiri tinali ndi vuto limodzi: wobiriwira anaikidwa pafupi ndi mnzake woyera wa mizere yobiriwira, pa nambala 4, chifukwa maso amafuna kuti ofanana akhale limodzi. Malo ake ndi pa nambala 6, kudumpha awiri abuluu aja. Choopsa chake n'chakuti mwana akalakwitsa mofanana mbali zonse ziwiri, choyezera chotchipa chimayatsa magetsi onse asanu ndi atatu ngati zili bwino, koma mafayilo amayenda mwa apo ndi apo, popeza mawaya amene anayenera kupotana limodzi alekanitsidwa. Ndiye musadalire chida chokha, yang'anani mitundu ndi maso pa kuwala. Tina tinalephera chifukwa kawaya kamodzi sikanafike kumapeto. Gulani timitu towirikiza kawiri pa chiwerengero chimene mukufuna. Ife tinatsala ndi 9.

Titalumikiza, ping, lamulo loyesa ngati makompyuta akumvana, inkalephera. Polemba ipconfig makompyuta ankaonetsa maadiresi oyamba ndi 169.254, kusonyeza kuti palibe chida chogawa maadiresi, ndipo Windows yangodzipatsa yokha. Popeza tilibe rauta, tinalemba pamanja: 192.168.1.1 ya mphunzitsi, 192.168.1.101 ya PC01, 192.168.1.102 ya PC02, motero, ndi subnet mask ya 255.255.255.0. Ping inkakanikabe pa ena chifukwa Windows inkaona netiwekiyo ngati ya Public. Titaisintha kukhala Private n'kutsegula File and Printer Sharing, mayankho anayamba kubwera. Pa kompyuta ya mphunzitsi tinapanga mafoda awiri: TENGANI, yongowerenga, ndi PEREKANI, yoponyamo ntchito.

6 Disembala 2024: vairasi ya pa fulashi, ndi kompyuta ya 21

Fulashi imodzi imene inadutsa ku malo ojambulitsira nyimbo inabweretsa vairasi yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Ana atatu ankalira kuti ntchito yawo yafufutika. Siinafufutike, inangobisidwa. Musadine pa ma shortcut amenewo, chifukwa ndi mmene imafalikira. Sikanani kaye fulashiyo, kenako tsegulani Command Prompt n'kulemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ngati fulashi yanu ili pa E. Mafoda amabwerera. Kuyambira tsiku limenelo fulashi imalowa pa kompyuta ya mphunzitsi yokha, ndipo zowonjezera zatsopano za antivirus timabwera nazo mwezi uliwonse.

Wokonza mawailesi wa pa boma anasintha makapasita asanu pa mamabodi ya PC21, K15,000. Yadzuka. Za ophunzira zakwana 20. Tsiku lomwelo tinadziwa malire ena: Windows 10 imalola makompyuta 20 okha kulowa mu foda yogawana nthawi imodzi. Laputopu ya mphunzitsi wina itafuna kulowa, inakanidwa mpaka mmodzi atatuluka.

21 Januwale 2025: mphezi, ndi phunziro la masiku opanda magetsi

Mvula ya mabingu ya kumapeto kwa sabata inapha mabowo asanu a swichi ndi khadi ya netiweki ya PC12. Soketi inali yozimitsa, koma pulagi inali chilumikizire. Kuzimitsa soketi sikokwanira m'nyengo ino, zulani mapulagi onse poweruka. Tinagula swichi ya mabowo 8, K65,000, n'kuilumikiza ku yaikuluyo ndi waya umodzi. Umodzi basi. Wina anawonjezera wachiwiri poganiza kuti zithamanga, netiweki yonse inaima chifukwa mauthenga ankangozungulira pakati pa maswichi awiriwo. PC12 tinaigulira kachida ka netiweki ka pa USB, K18,000.

Magetsi akathima sitibalalitsa kalasi, timachita manambala a binary. Gulu lililonse lili ndi zivindikiro za mabotolo zisanu ndi zitatu ndi pepala lolembedwa 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Chivindikiro chagada ndi 1, chavundikira ndi 0. Pa 156, mwana amagadamitsa cha 128, kutsala 28. Amadumpha 64 ndi 32. Amagadamitsa 16, 8 ndi 4. Zatuluka 10011100. Akagawa zivindikirozo zinayi zinayi apeza 1001 ndi 1100, ndiye 9 ndi C, 9C mu hexadecimal. Kenako timawapatsa manambala a adiresi imene analemba okha mu Novembala: 192 ndi 11000000, 168 ndi 10101000, ndipo pamenepo amaona chifukwa chake gawo la adiresi silipitirira 255.

Pa njira yogawa ndi 2 mobwereza, cholakwa chimene chimabwera chaka ndi chaka n'kuwerenga zotsala kuchokera pamwamba. Ziwerengedwe kuchokera pansi kukwera. Timawauza atsimikize yankho ndi zivindikiro asanapereke.

11 Febuluwale 2025: sipuredishiti

Ophunzira anabweretsa mitengo ya nsomba imene anafunsa okha kumsika ndi kudooko: usipa pa ndowa, utaka, kambuzi, chambo pa imodzi. Ntchito inali kupeza phindu la wogulitsa atachotsa thiransipoti ndi msonkho wa msika.

Theka la kalasi SUM inkawapatsa 0. Ankalemba K12000 m'kabokosi, ndipo chifukwa cha K ameneyo Excel inkaona ngati ndi mawu. Chizindikiro chake n'chosavuta: nambala imakhala kumanja kwa kabokosi, mawu kumanzere. Lembani 12000 yokha, K muike kudzera mu Format Cells. Manambala a foni ndi mosemphana: 0 woyambirira ankasowa, chifukwa kolamu imeneyo iyenera kukhala Text musanalembemo.

Apa ndi pamene tinaona chimene tinaiwala tisanakopere makompyuta mu Novembala. Onse anali pa dongosolo la ku America la madeti, mwezi kutsogolo. Mwana akalemba 03/02/2025 kutanthauza 3 Febuluwale, kompyuta inkamva 2 Malichi, ndipo 25/02/2025 inkangokhala mawu popeza kulibe mwezi wa 25. Tinazungulira makompyuta onse kusintha Region kukhala English (United Kingdom). Chitani zimenezi pa kompyuta yoyamba ija musanaijambule.

Mutu umene unatidyera masiku ndi wa chizindikiro cha $. Peresenti ya msonkho inali mu F1. Fomyula ya =D4*F1 ikakokedwa kutsika inkasanduka =D5*F2, kenako =D6*F3, mayankho n'kukhala 0. Kulongosola pa bolodi sikunathandize kwenikweni. Chimene chinathandiza n'kuuza mwana adine kawiri pa kabokosi kolakwikako, aone timafelemu tamitundu tikuloza malo opanda kanthu, kenako abwerere ku fomyula yoyamba n'kudina F4 kuti ikhale =D4*$F$1. Zikaoneka ##### musachite mantha, kolamu yangochepa. Zikaoneka #DIV/0! mwagawa ndi kabokosi kopanda kanthu.

27 Febuluwale 2025: database ya laibulale

Fomu 4 inamanga mu Access database yobwereketsera mabuku a sukulu, ya matebulo atatu: OPHUNZIRA, MABUKU ndi KUBWEREKA. Tinayamba papepala kwa masiku awiri, ndipo gulu limene linathamangira pa kompyuta linayambiranso kawiri.

Magulu anayi anasankha dzina kukhala primary key, kiyi yosabwereza yosiyanitsa mzere uliwonse. Access inakana atangofika pa mwana wachiwiri wa dzina lomwelo, ndipo m'kalasi imodzi yokha muli maina atatu obwereza. Tinagwiritsa ntchito nambala yolembetsera ya sukulu. Ku mabuku nakonso, mutu wa buku sungakhale kiyi chifukwa buku la masamu lilipo makope ambiri. Kope lililonse likhale ndi nambala yake.

Polumikiza matebulo, Enforce Referential Integrity inkakana pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'kusiyana kwa mtundu wa data: NambalaYaBuku inali AutoNumber mu MABUKU koma Short Text mu KUBWEREKA. Mnzake wa AutoNumber ndi Number ya Long Integer. Chachiwiri, ena anali atalemba kale mu KUBWEREKA nambala ya wophunzira amene kulibe mu OPHUNZIRA. Lumikizani matebulo asanalowemo data.

Query yofunika kwambiri inali yopeza amene apitirira masiku 14 osabweza. Pansi pa TsikuLobweza analemba Is Null, pansi pa TsikuLobwereka analemba <Date()-14. Pa makompyuta 19 inatulutsa maina. Pa PC21 inatuluka yopanda kanthu, ndipo gululo linatha phunziro lonse likufufuza cholakwa chimene panalibe. Date() imatenga deti la kompyutayo. PC21 ndi ija inadzuka mu Disembala, timabatire 20 titatha kale, ndiye magetsi akangozima inkabwerera zaka zakale. Kwa iyo, mabuku onse anali asanabwerekedwe n'komwe. Kabatire kamodzi, mu Febuluwale 2025, kanali K2,500.

18 Malichi 2025: kulemba mapulogalamu

Sitinaike pulogalamu ina yatsopano. Mu Excel mukadina Alt ndi F11 mumatseguka malo olembera Visual Basic, ndipo ndi okwanira kuphunzitsira ma variable, If ndi ma loop. Lamulo lathu: palibe wokhudza kiyibodi asanaonetse flowchart, pseudocode ndi trace table papepala.

Pulogalamu yoyamba inali yowonkhetsa manambala awiri. Ana analowetsa 20 ndi 30, yankho n'kubwera 2030. InputBox imabweretsa mawu, ndipo + pakati pa mawu awiri imangowalumikiza. Mankhwala ake n'kulengeza variable ngati nambala, kapena kukuta InputBox ndi Val().

Atalengeza As Integer, pulogalamu yowerengera ndalama za fizi inaima ndi uthenga wa Overflow atangolowetsa 45000. Integer ya mu Visual Basic ya mu Excel imathera pa 32,767. Mabuku ambiri zitsanzo zake ndi za manambala ang'onoang'ono, koma ndalama za kwacha zimadutsa malire amenewo nthawi yomweyo. Gwiritsani ntchito Long kapena Currency. Tinabwerera ku zivindikiro zija kuonetsa kuti ma bit 16, limodzi litasungidwira chizindikiro cha kuchotsa, ndi amene amabala 32,767.

Do While yopanda mzere wowonjezera kauntala inamangitsa makompyuta asanu ndi limodzi. Ctrl ndi Break imaimitsa, koma amene sanasunge n'kuzimitsa kompyuta anataya zonse. Lembani Option Explicit pamwamba penipeni kuti dzina la variable lolakwika sipelo ligwidwe msanga. Ndipo sungani fayilo ngati .xlsm. Ana asanu ndi awiri anasunga ngati .xlsx, anadina Yes pa chenjezo osaliwerenga, m'mawa mwake khodi yonse kulibe. M'mwezi uno wa Ramadan tafupikitsa magawo a masana, zovuta timazichita m'mawa ana akadali ndi mphamvu.

13 Meyi 2025: mayeso oyeserera a pulakitiko

Magulu awiri a anthu 20, lachiwiri likudikira m'kalasi ina popanda kuonana ndi loyamba. Pakati pawo tinasiya mphindi 30 zokopera ntchito ku kompyuta ya mphunzitsi ndi kufufuta mafoda. Tinabwereka jenereta ya 5kVA, K40,000 pa tsiku, osawerengera petulo wa malita 10 amene tinagula patokha, n'kuiyesa dzulo lake makompyuta onse ali oyaka.

Magetsi anathimadi pakati pa gulu loyamba. Jenereta inatenga mphindi zinayi kuti ilire. Ana 16 anapeza ntchito yawo, anayi anataya ya mphindi zoposa 20 chifukwa anali asanasungepo ngakhale kamodzi. Tasintha AutoRecover kuchoka pa mphindi 10 kufika pa 2 pa makompyuta onse, koma chenicheni n'chakuti choyamba kuchita ndi kupanga foda ya dzina ndi nambala ya mayeso, kusungamo fayilo isanalembedwe kanthu, kenako Ctrl ndi S pakatha funso lililonse.

Pamene panathina kwambiri ndi pa pulinta. Anthu 20 anatumiza nthawi imodzi, mapepala n'kutuluka osakanikirana, ndipo 11 analibe dzina. Dzina ndi nambala zilowe mu header ya fayilo iliyonse, ndipo asindikize motsatira nambala ya kompyuta, woyang'anira akuitana. Mapepala anakodwa kasanu. Limu yake inatsegulidwa kale mu Febuluwale n'kukhala pa shelefu, inayamwa chinyezi cha kunyanja, ndiye mapepala ankamatana. Titatsegula limu yatsopano, K16,000, kukodwa kunasiya. Zotsala timazisunga m'chidebe cha pulasitiki chotseka. Ena anasindikiza sipuredishiti pa masamba asanu ndi limodzi chifukwa sanaone Print Preview kapena kusankha Landscape ndi Fit All Columns on One Page.

Zotsala isanafike MSCE: makiyibodi atatu a makiyi omata, tona ina yosungira, kuuziranso fumbi mwera ukayamba mu Juni, ndi UPS ya pa swichi imene yayamba kulira patangotha mphindi imodzi. Batire yake yatha miyezi isanu ndi iwiri yokha, chifukwa inakhala pakona yotentha pafupi ndi zenera la kumadzulo, ndipo mabatire amtunduwu kutentha kumawadya. Taisunthira pansi pa tebulo la mphunzitsi, ndipo pempho la batire ina lili kwa ahedi.